Chinangwa chofumbutuka m'kalasi ya pathology

Chaka changa choyamba chophunzitsa general pathology kwa ophunzira udokotala, ndinkalowa m'kalasi ndi masilaidi 60 oti ndimalize pa ola limodzi. Ndinali nditangomaliza kumene maphunziro a ukatswiri, ndipo ndinkafuna kuti zonse zimene zinali m'mutu mwanga ziwalowe semesita isanathe. Ine ndinkayankhula, iwo ankalemba. Ndikafunsa kuti "Tamvana?" onse ankayankha kuti "Eya, adokotala." Ndinkatuluka mtima uli m'malo.

Kwa inu amene simunadutse njira imeneyi, general pathology ndi phunziro lofotokoza mmene matenda amagwirira ntchito m'thupi tisanayambe kuwagawa kuti awa ndi a mtima, awa ndi a impso. Selo ikavulala chimachitika n'chiyani, imafa motani, n'chifukwa chiyani malo amatupa, bala limapola bwanji, magazi amaundana chifukwa chiyani mumtsempha, khansa imayamba pati. Wophunzira amakumana nalo atangomaliza kuphunzira thupi labwinobwino, asanayambe kuyenda m'mawodi. Amene sanalimve bwino amadzakhala dokotala wodziwa mayina a mankhwala koma wosadziwa chimene akulimbana nacho.

Mayeso oyamba ndiwo ananditsegula maso. Funso lina linali loti atchule zinthu zitatu zimene zimachititsa kuti magazi aundane mumtsempha, zija zimadziwika ndi dzina la Rudolf Virchow: magazi kuyenda pang'onopang'ono, khoma la mtsempha kuvulala, ndi magaziwo kukhala osachedwa kugwirana. Pafupifupi aliyense anakhoza, mawu ake enieni a m'buku. Patsamba lotsatira ndinaika nkhani ya mayi amene anachira kudzera pa opaleshoni, wagona pabedi masiku asanu osadzuka, mwendo umodzi watupa, ndipo lero mwadzidzidzi wayamba kubanika. Ndinafunsa kuti chachitika n'chiyani. Ambiri analemba kuti ndi chibayo. Anthu omwewo amene anatchula zinthu zitatu zija tsamba lapitalo sanaone kuti zonse zitatu zili mwa mayi ameneyu, ndi kuti chibulumwa cha magazi chathothoka kumwendo n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo. Usiku umenewo sindinagone bwino. Mayi wotereyu ndinamuonapo pa tebulo la kumochale, ndipo ndinadziwa kuti ana amene ndikuwaphunzitsawa akanamulembera mankhwala a chibayo n'kupita pabedi lina.

Ndinadziwa kuti cholakwa chili kwa ine, koma sindinadziwe pamene chili. Amene anandisonyeza ndi mtsikana wina wa kuchigwa cha Shire, wofatsa, wokhala kumbuyo nthawi zonse. Tsiku limenelo ndinkaphunzitsa za mitundu ya kufa kwa minofu, ndipo ndinafika pa caseous necrosis, ija timaipeza m'chifuwa chachikulu. Ndinanena monga mabuku onse amanenera, kuti dzinali linachokera ku tchizi chifukwa minofu yakufayo imaoneka ngati tchizi. Iye anakweza dzanja.

"Pepani adokotala. Tchizi chake chiti? Ine chimene ndinachionapo m'sitolo ndi chachikasu, chosalala, chokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Ndiye m'mapapo mumaoneka zimenezo?"

Ena anaseka, koma ndinaona kuti akudikira yankho ngati iyeyo. Tchizi chimene madokotala a ku Ulaya ankanena zaka zoposa 100 zapitazo ndi choyera, chofewa, chonyenyeka ukachigwira. Palibe mmodzi m'kalasimo amene anali atachionapo. Ndinatuluka, ndinapita kumene timasunga ziwalo za m'mabotolo, ndinabweretsa phapo la munthu amene anamwalira ndi TB ndi mwanabere wodulidwa pakati. Ndinati, "Bwerani muone, kenako mundiuze inuyo kuti zikufanana ndi chiyani." Anazungulira botolo lija kwa kanthawi. Mnyamata wina anati chambiko chimene chatsanulidwa madzi. Mtsikana uja anayang'anitsitsa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ichi ndi chinangwa chophika chofumbutuka, chija chimanyenyeka ukachikanikiza ndi chala." Kalasi yonse inavomera pamodzi. Kuyambira tsiku limenelo sindinaonenso wophunzira wa gulu limenelo akusokoneza caseous necrosis ndi mafinya.

Nditabwerera ku ofesi ndinatsegula zolemba zanga n'kuyamba kuwerenga mafanizo amene ndinkawabwereza osaganizira. Chiwindi cha munthu wa mtima wofooka ndinkati chimaoneka ngati nutmeg. Kansalu kokuta mtima kakatupa ndinkati kamaoneka ngati buledi wopaka batala amene wamatulidwa. Mafinya a m'chiwindi obwera ndi amoeba ndinkati ali ngati anchovy sauce. Zonsezi ndi za kukhitchini kwa eni mabuku. Fanizo limayenera kutenga chinthu chimene munthu akuchidziwa kuti limufikitse pa chimene sakuchidziwa. Ine ndinkawapatsa chosadziwika kuti chifotokoze chosadziwika chinzake, ndiye iwo ankangoloweza zonse ziwiri.

Mayina a m'mabuku sindinawataye, chifukwa adzawapeza pamayeso ndi m'malipoti moyo wawo wonse. Koma ndinayamba kuika lathu patsogolo. Chiwindi chija tsopano timati chili ndi mawanga ngati nkhanga, ndipo tikatero funso limabwera lokha: mawangawo abwera bwanji? Mbali yakumanja ya mtima ikalephera kulandira magazi, magaziwo amadikira m'mitsempha, amadzaza pakati pa tizigawo ta chiwindi, pakatipo pamada, m'mbali mumatuwa. Kuno zimenezi timaziona ngakhale mwa achinyamata amene mavavu a mtima anaonongeka ndi rheumatic fever, matenda amene amayamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa.

Phunziro la kutupa ndilo ndinalisintha kwambiri, ndipo ngati pali mnzanga amene akuyamba kumene kuphunzitsa, ndikanakonda ayese njira imeneyi. Sindiyatsanso pulojekita pa mphindi 20 zoyambirira. Ndimafunsa kuti, "Ndani muno sanatulukepo chithupsa?" Palibe amakweza dzanja. Ndiye ndimati andiuze mmene chinayendera kuyambira tsiku loyamba. Amanena okha: panayamba kuyabwa, panatentha, panatupa, panawawa moti kukhala pansi kunavuta, mwanabere anatuluka m'mphechepeche, kenako chinapsa, chinaphulika, panatuluka mafinya, panatsala chipsera. Ndimalemba zonsezo pa bolodi m'Chichewa momwemo. Ndikatha ndimawauza kuti angotchula zimene Celsus wa ku Roma analemba zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, rubor (kufiira), calor (kutentha), tumor (kutupa), dolor (ululu), ndi chachisanu chimene chinawonjezedwa pambuyo pake, kulephera kugwira ntchito kwa chiwalocho. Kenako timatenga chimodzichimodzi n'kufunsa kuti chifukwa chiyani. Kutentha ndi chifukwa timitsempha tatseguka ndipo magazi ochuluka akudutsa. Kutupa ndi chifukwa makoma a timitsemphato ayamba kudontha madzi ndi mapuloteni. Ululu ndi wa bradykinin ndi ma prostaglandin, timadzi timene thupi limatulutsa pamalo otupa, ndipo apa wina amazindikira yekha chifukwa chimene ibuprofen amathandizira. Mafinya ndi ma neutrophil, maselo oyera a m'magazi, amene anafika m'maola oyambirira, anamenyana ndi mabakiteriya, nthawi zambiri Staphylococcus aureus, n'kufera pomwepo pamodzi ndi minofu yosungunuka. Agogo akamati "chisiyeni chipse kaye" amakhala akudikira kusungunuka kumeneku. Ndipo popeza mkati mwa thumba la mafinya simuyenda magazi, mankhwala akumwa safikamo bwino. N'chifukwa chake chithupsa chachikulu chimafuna mpeni.

Pa rubor pamenepa ndimaima nthawi yaitali, chifukwa ndi nkhani imene imandikhudza. Zithunzi zambiri za m'mabuku ndi za khungu loyera, pamene kufiira kumaoneka uli patali. Pakhungu lathu malo otupa nthawi zambiri safiira. Amada kuposa pozungulira, amanyezimira, amakungika. Wophunzira amene akufunafuna kufiira kwa pachithunzi adzadutsa mwendo wa mwana wodwala kwambiri n'kulemba kuti palibe vuto. Ndimawauza kuti agwire ndi kuseri kwa dzanja, ayerekeze ndi mwendo winawo, ayang'ane powala bwino. Zimenezi sindinaphunzitsidwe m'kalasi. Anandiphunzitsa ndi namwino wina wachikulire wa kuwodi ya ana ndili wophunzira, ndipo ndimaona kuti ndi ngongole imene ndiyenera kubweza chaka chilichonse.

Ndinazindikiranso kuti ambiri sadziwa maonekedwe a chiwalo chabwinobwino chikakhala chachiwisi. Matupi amene amaphunzirira anatomy ndi ouma, otuwa, onunkha mankhwala. Choncho Loweruka lina ndinapita kubutchala ndinagula mapapo, mtima, chiwindi ndi impso za mbuzi. Lolemba aliyense anavala magolovesi n'kugwira. Phapo labwino limapepuka, ukalifinya limamveka ngati siponji, ukaliponya m'madzi limayandama. Ukatero, mawu oti phapo la chibayo limalimba ngati chiwindi amakhala ndi tanthauzo m'manja. Ulendo wina ndinagula chiwindi cha ng'ombe, ndipo titadula tinapeza tinjira ta ndulu talimba, tayera, muli tizilombo tophwatalala ngati tsamba. Phunziro la zipsera za mkati mwa thupi linachitika pomwepo popanda kukonzekera. Ndalama zake n'zochepa kuposa za kusindikiza manotsi a kalasi yonse.

Kumaikulosikopu ndi kumene ambiri amataya mtima. Silaidi ya minofu timaipaka mitundu iwiri, haematoxylin amene amadetsa phata la selo kukhala lapepo, ndi eosin amene amapaka zotsalazo pinki. Wophunzira akasuzumira koyamba amadzuka n'kunena kuti, "Adokotala, ine ndikungoona pinki ndi pepo." Zimenezo n'zoona, ndipo si bwino kumuchititsa manyazi. Chimene chimawaononga ndi kuthamangira galasi lokuza kwambiri, ngati munthu wofuna kudziwa mudzi poyang'ana njerwa imodzi. Lamulo langa ndi loti ayambe wakweza silaidiyo kuwindo n'kuiyang'ana ndi maso okha. Kenako galasi laling'ono kwambiri, mpaka atandiuza kuti ichi ndi chiwalo chanji ndipo malo odwala ndi ati. Ndiye ajambule ndi pensulo. Kujambula kumakakamiza diso kuona. Mamaikulosikopu athu sakwanira aliyense ndipo magetsi amathima pakati pa phunziro, choncho tinazolowera kuika foni padiso la maikulosikopu, kujambula, n'kutumiza pagulu la WhatsApp la kalasi kuti akapitirize kukambirana kuhositelo. Chinthu chimodzi chokha sindinyengerera: dzina kapena nambala ya wodwala isaoneke pachithunzi.

Pali fanizo limodzi la m'mabuku limene sindinalisinthe, chifukwa ana athu amalimva kuposa eni ake. Burkitt lymphoma, khansa ija imatupitsa nsagwada kapena mimba ya ana, amati pamaikulosikopu imaoneka ngati thambo la nyenyezi. Maselo a khansawo ndi akuda, othithikana, ndipo apo ndi apo pali ma macrophage otuwa, maselo oteteza thupi, amene akudya maselo akufa. Aliyense amene anakulira kumudzi kopanda magetsi, amene anagonapo pabwalo mwezi wa Okutobala, amangosuzumira kamodzi n'kuzindikira. Ndimawauza kuti matendawa anafotokozedwa ndi Denis Burkitt mu 1958 ali ku Kampala, ataona ana otupa nsagwada, ndipo mu 1964 m'maselo a chotupa chomwechi munapezeka kachilombo ka Epstein-Barr. Malo amene khansayi imachuluka ndi omwenso malungo amachuluka. Ndimafuna adziwe kuti zina mwa zinthu zazikulu za m'buku lawo zinapezeka mu Africa muno, ndi munthu amene anangoyang'anitsitsa odwala ake. Ndimafunanso adziwe chifukwa chimene nyenyezi zija zilili zambiri: chotupachi chimakula msanga kwambiri, maselo ambiri akubadwa, ambiri akufa. Mwana wotere sadikira mwezi wamawa. Koma kukula msanga komweko ndi kumene kumachititsa kuti chimve mankhwala, ndipo ana ambiri amachira akafika msanga.

Nkhani ya granuloma ndi imene imandisonyeza ngati kalasi yamvadi. Kachilombo ka TB, kamene Robert Koch anakaonetsa mu 1882, sikafa msanga kakamezedwa ndi macrophage. Thupi limamanga mpanda, ndiwo granuloma: ma macrophage amasintha maonekedwe, ena amaphatikana kukhala maselo akuluakulu a maphata ambiri, maselo ena oteteza thupi, ma lymphocyte, amazungulira kunja, pakati pamakhala chinangwa chathu chija. Amene amalamula kuti mpanda umangidwe ndi maselo a CD4. Ndikafika apa ndimasiya kuyankhula n'kufunsa kuti, "Nanga munthu amene HIV yamutsitsa CD4 kufika pansi, TB yake ioneka bwanji?" Pamakhala bata. Kenako wina amayamba: mpanda sumangika bwino. Wina amawonjeza: ndiye tizilombo timwazika thupi lonse. Wina: ndiye mapanga a m'mapapo sapangika kwenikweni, makhololo atha kuyezedwa osapezeka kanthu pamene munthu akudwala kwambiri. Amakhala atafika okha pa chinthu chimene chinavutitsa madokotala athu zaka zambiri mliri wa Edzi utafika pachimake. Sindinawauze ine. Anachitulutsa kuchokera pa mmene matenda amagwirira ntchito, ndipo chimenecho ndiye ndinalephera kuwapatsa chaka choyamba chija.

Chaka china, titatha phunziro limeneli, mnyamata wina anatsalira anzake atatuluka. Anati bambo ake anamwalira iye ali Sitandade 6, atayezedwa makhololo katatu n'kuuzidwa kuti alibe TB, ndipo kwawo mpaka lero amati analodzedwa ndi achimwene awo. Anandifunsa ngati n'kutheka kuti zinali zimene tangophunzirazi. Ndinamuyankha kuti sindingadziwe za munthu amene sindinamuone, koma n'zotheka ndithu. Anakhala chete nthawi yaitali. Kuyambira pamenepo ndimakumbukira kuti m'kalasi ya pathology kuno kwathu palibe matenda amene ali a m'buku okha. Ukamaonetsa chithunzi cha Kaposi sarcoma, khansa ija imaonekera pakhungu, kapena khansa ya kummero imene Malawi ali m'gulu la mayiko amene imapezeka kwambiri padziko lonse, pali wina amene akuona mayi ake, malume ake. Ndinasiya kunena kuti "silaidi yokongola" pa chotupa. Ndimayamba ndi kunena kuti uyu anali munthu wa zaka zakuti, anabwera akudandaula zakuti.

Kumochale ndimawatenga m'timagulu ting'onoting'ono, ndipo ndisanatsegule chitseko timakhala kaye pansi. Ndimawauza kuti amene tikukamuonayu ali ndi abale amene akhala panja pa benchi, amene avomera kuti thupi lipimidwe pamene mwambo ndi mtima zikuwauza kuti anyamule azipita. Palibe kuseka, palibe foni, ndipo amene akumva chizungulire atuluke popanda manyazi. Timatsegula malo oyenera okha, timasoka bwino, timasambitsa, kuti abale akamuone ali wolemekezeka. Ophunzira ena amafunsa kuti kuvutitsa maliro kotereku phindu lake n'chiyani poti munthu wapita kale. Ndimawayankha ndi nkhani ya ku Blantyre komwe kuno. Pa chipatala cha Queen Elizabeth, gulu la Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux linapempha makolo kuti lipime matupi a ana amene anamwalira atapezeka kuti ali ndi malungo a muubongo. Zotsatira zinatuluka mu 2004: mwa ana 31, asanu ndi awiri anali atamwalira ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tinalimo m'magazi, inde, koma si timene tinawapha. Mwa enawo, timitsempha ta muubongo tinali todzaza ndi maselo ofiira okhala ndi tizilombo, omatirira kumakoma. Ndipo chimene chinkasiyanitsa magulu awiriwa mwana ali moyo chinali kuyang'ana kuseri kwa diso, chifukwa zimene zikuchitika muubongo zimaonekeranso pa retina. Chifukwa cha makolo amene anavomera ali m'misozi, dokotala lero amadziwa kuti mwana wokomoka amene ali ndi malungo m'magazi ayenera kufufuzidwanso matenda ena. Ndikatha kunena zimenezi, timalowa.

Gawo la khansa ndimaliyamba ndi likodzo, chifukwa ophunzira a kunyanja, a ku Chilwa ndi a kuchigwa amalidziwa kuyambira ali ana, ndipo ena anakula akumva kuti mnyamata kukodza magazi ndi chizindikiro cha kukula. Mazira a Schistosoma haematobium, aja ali ndi kamunga kumapeto, amakhazikika m'khoma la chikhodzodzo. Thupi limalimbana nawo zaka ndi zaka. Kansalu ka mkati kamatopa n'kusintha kukhala ka mtundu wolimba ngati wa pakhungu, ndiyo metaplasia. Kusinthaku si khansa, koma ndi pamene khansa ya squamous imadzamera. Mawu atatu amene ankawasokoneza pamayeso, metaplasia, dysplasia (kusokonekera kwa maselo) ndi khansa, amakhala masitepe a ulendo umodzi wa munthu mmodzi, ndipo mapiritsi a likodzo a praziquantel amene ankagawidwa kusukulu amapeza tanthauzo lina.

Kenako timapita pa khomo la chiberekero, khansa imene ikutha amayi athu kuposa ina iliyonse. Kachilombo ka HPV, makamaka mitundu 16 ndi 18, kamapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7, amene amazimitsa alonda a selo, p53 ndi Rb. Maselo amayamba kusokonekera, koma kwa zaka zambiri amakhala pamwamba, sanaboole kansalu kopyapyala kamene kali pansi pawo. Ndimajambula mzere umenewu pa bolodi ndi choko chofiira ndipo ndimati ayang'ane bwino, pakuti moyo wa mayi uli pamzerewu. Pamwamba pake, namwino wa kuchipatala chaching'ono atha kupaka viniga, kuona poyera, kuwotcha kapena kuumitsa malowo tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo. Pansi pake, maselo apeza njira ya kumitsempha. Mwa amayi amene ali ndi HIV ulendowu umafupika. Katemera wa HPV amene dziko lathu linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2019 amatseka khomo ulendo usanayambe n'komwe. Wophunzira amene wamva zimenezi safunikanso kuuzidwa kuti azikumbutsa mayi aliyense za kuyezetsa.

Mayeso anga nawonso anasintha. Matanthauzo ndimafunsabe, koma ochepa. Mafunso ambiri ndi nkhani za odwala. Ndipo pa mayeso apakamwa ndili ndi funso limene onse amalidziwa kuti libwera: "Tayerekeza kuti ine ndine agogo ako. Ndiuze m'chinenero chakwanu chimene chachitika m'thupi mwanga." Ena amafotokoza m'Chichewa, ena m'Chitumbuka, ena m'Chiyao, mnzawo n'kumandimasulira. Munthu atha kubisala kuseri kwa Chingerezi choloweza, koma akati afotokozere agogo kuti sitiroko ndi chiyani, zimaonekeratu ngati wamva kapena ayi. Poyamba ena ankaona ngati ndikuwatsitsa. Koma odwala amene adzawaone moyo wawo wonse ndi agogo omwewo, ndipo munthu amene sanamvetse matenda ake samaliza mankhwala.

Sindinganene kuti zonse zinayenda. Njira imeneyi imadya nthawi, ndipo pali mitu imene ndimangoidutsa mothamanga n'kuwauza kuti akawerenge okha. Ena amadandaula kuti safuna nkhani, akufuna manotsi oti aloweze. Kalasi ikakula kwambiri, a kumbuyo amabisalabe. Chimene ndinachita ndi kupatsa ophunzira a chaka chapamwamba timagulu toti aziyang'anira kumaikulosikopu, ndipo ndinaona kuti ophunzitsawo ndi amene amapindula koposa.

Phunziro lomaliza la semesita sindiphunzitsa matenda ayi. Ndimabweretsa kabotolo, fomu ndi formalin, mankhwala osungira kanyama kuti kasawole. Chifukwa chake n'chakuti tsiku lina ndinalandira kanyama kochokera ku chipatala china chakutali, kodulidwa pa khomo la chiberekero cha mayi wa ana anayi. Kanaikidwa m'madzi a diripi m'malo mwa formalin, kanayenda masiku ambiri, ndipo kanafika katawola. Pa fomu panalembedwa mawu amodzi okha. Sindinathe kunena kanthu, ndipo mayi uja anayenera kuitanidwanso, kudulidwanso, kudikiranso. Amene anatumiza sanali munthu woipa. Panalibe amene anamuonetsapo. Choncho ndimawaonetsa: formalin wa 10 peresenti, wochuluka kakhumi kuposa kanyamako, botolo la pakamwa potakasuka chifukwa nyama ikalimba situluka pakamwa popapatiza, dzina pabotolo osati pachivindikiro chokha. Pa fomu alembe zaka za wodwala, malo enieni pamene adula, nthawi imene wadwala, ngati ali ndi HIV, zimene akuganiza iwowo, ndi nambala ya foni yoti ndiwapeze. Ambiri mwa iwo sadzakhala ma pathologist. Adzakhala kumaboma, okhaokha, ndipo ine ndidzaona chokhacho chimene iwo anditumizira.

Mwezi wa Juni chaka chatha foni inalira madzulo ndikutseka ofesi. Anali mtsikana wa kuchigwa uja, tsopano dokotala pa chipatala china cha boma kumpoto. Anati ali ndi mwana wa zaka 7 wotupa m'khosi miyezi itatu, wowonda, ndipo kunyumba anayesa kale kutemera.

"Adokotala, ndachotsa mwanabere mmodzi. Nditadula pakati, muli chinangwa."

Ndinamufunsa ngati waika kale zonse mu formalin. Anati ayi, wakumbukira kuti formalin amapha tizilombo, ndiye theka waika m'madzi amchere kuti lipite ku GeneXpert, makina oyezera TB, theka linalo ndilo akunditumizira, ndipo mwanayo wamuyezanso HIV. Botolo linafika patatha masiku asanu ndi limodzi, fomu yodzaza mbali zonse. Pa silaidi panali ma granuloma ambirimbiri, maselo akuluakulu a maphata ondandalika m'mbali, pakati pofumbutuka. Nditamuimbira kuti ndimuuze, anati GeneXpert inatuluka kale ndipo mwanayo ali pa tsiku lachinayi la mankhwala a TB, wayamba kudya phala.